Chitsekero Chimene Ezron Chulu Anakana Kukhoma

Ezron Chulu anafika ku Chongwe m'chaka cha 1953 ali ndi mkazi wake Tisauke, ana awiri aakazi ndi bokosi la zida lomwe ankasenza yekha, osalola wina kulikhudza. Zala ziwiri za kudzanja lake lamanzere zinali zoduka nsonga. Anthu akamufunsa ngati inali nkhwangwa kapena makina a pamgodi, iye ankangoti, "Kunali kuzizira." Ofunsawo ankaseka, iye osaseka nawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kwawo kunali ku Katete. Anachokako ndevu zisanamere bwino, pa lole yonyamula anthu opita ku migodi, koma dokotala wa pamgodi atamumvetsera pachifuwa anamubweza. M'malo mobwerera kumudzi ndi manyazi, anazungulira m'tauni ya Ndola mpaka anapeza ntchito pa fakitale ina yopanga mpweya wowotcherera zitsulo. Pamenepo anakhalapo zaka khumi ndi chimodzi.

Ntchito ya pa fakitaleyo inali yovuta kuifotokozera munthu amene sanaione. Makina ankakoka mpweya womwewu timapumawu, kuufinya, kuuziziritsa, kuufinyanso, mpaka mpweyawo unkasanduka madzi. Madziwo ankawapatula pawiri. Ena anali okolezera moto wa owotcherera zitsulo. Ena, otchedwa nayitirojeni, ankaoneka ngati madzi a pachitsime, koma anali ozizira kwakuti tsamba ukaliviikamo linkasweka ngati galasi. Ankawasunga m'zotengera zachitsulo zamimba yaikulu ndi khosi lalitali lopapatiza, zimene antchito ankazitcha zipanda. Ezron anali wothira ndi wonyamula zipandazo.

Tsiku lake loyamba, mzungu wina wokalamba wotsimphina, yemwe anathawa nkhondo ku Ulaya ndipo Chingerezi chake chinali chothyokathyoka ngati cha Ezron yemwe, anamutengera kuseri kwa fakitale. Anathira kapu imodzi ya madziwo m'botolo lachitsulo, n'kumangirira pakamwa pake chubu chophwa cha lole. Madziwo ankabwata okha popanda moto. Chubu chinayamba kudzuka, chinafufuma, chinatupa mbali imodzi ngati ng'ombe yotupidwa, kenaka chinaphulika, akhwangwala onse a padenga n'kubalalika.

"Kapu imodzi ya madzi, makapu seveni handiredi a mpweya," anatero mkuluyo akumugwira Ezron khutu ngati mwana. "Kapu imodzi, diramu limodzi la petulo. Usadzatseke pakamwa pa chipanda. Ngakhale ndikuuze ine, usadzatseke."

N'chifukwa chake chivindikiro cha chipanda chinkangokhala pamwamba ngati chipewa, chosamanga, kautsi koyera kakutuluka m'mbali usana ndi usiku. Ezron anaphunzira kumva chipanda ndi khutu, kuchiona thukuta, kudziwa chodwala ndi chamoyo. Zala zija anataya mu 1947, pamene paipi inang'ambika madzi n'kumulowa m'golovesi. Pofika povula, nsonga zinali zitayera ndi kuuma gwa, ndipo patatha sabata ziwiri anazidula kuchipatala.

Mkulu wotsimphina uja atamwalira, kampani inabweretsa mzungu watsopano yemwe sankadziwa ngakhale mbali yotsegulira mpopi. Ezron anamuphunzitsa miyezi inayi. Mwezi wachisanu wophunzira uja anakhala bwana wake, n'kuyamba kumuitana ndi mluzu. Ezron anapirira mluzu kawiri. Kachitatu anavula magolovesi, anawaika bwinobwino patebulo, n'kupita kukomboni ya antchito kukauza Tisauke kuti amange katundu.

Anasankha Chongwe chifukwa malume ake a Tisauke anali atakhazikika kumeneko. Eni dziko, Asoli, anawapatsa malo kumtunda kwa mtsinje, moyandikana ndi mayi wina wamasiye dzina lake Clotilda, yemwe anawabwereka mbewu ya chimanga ndi khasu chaka choyamba. Ezron analima, koma dzanja lake linali la zitsulo. Ankapanga ndowa, mbaula ndi nyale za koloboyi kuchokera ku madiramu ndi zitini zotayidwa, ndipo ankamata mapoto obooka a dera lonselo. Anthu ankamudziwa ngati munthu waliuma. Galimoto ya mzungu ikamadutsa sankavula chipewa. Kutchalitchi cha Dachi ankaimba mokweza ndi mawu osasalala, ndipo mlaliki akaphonya vesi ankamukonza pomwepo anthu ali chete.

Kutsidya kwa mtsinje kunali famu ya fodya ya mzungu amene anapatsidwa malowo atachoka kunkhondo. Dzina lake lenileni linkavuta lilime, choncho aliyense ankamutcha Fulumira, mawu amene ankatuluka m'kamwa mwake kuyambira m'mawa. Sanali wankhanza kuposa anzake a m'mafamu ena. Vuto lake linali lakuti sankakhulupirira kuti munthu wakuda angadziwe kanthu kamene iye sakukadziwa. M'miyezi yozizira akazi a m'midzi yozungulira, Tisauke ndi Clotilda omwe, ankapita kukasankha fodya m'shedi yake.

Mu Julaye wa 1957 pampu yokoka madzi kumtsinje inafa, nthawi yofesa nazale ili pafupi. Kachitsulo kobulungira kamene shafuti imazunguliramo kanali kataperepeseka, ndipo katsopano kankafunika kulowa mothina kwambiri. Mnzake wina wa m'tauni anamuuza Fulumira kuti akakaviika m'nayitirojeni kadzanyala pang'ono, kalowe mosavuta, kakafunda n'kugwira nganganga. Anamupezeranso chipanda chimodzi chodzaza. Fulumira anachiika kumbuyo kwa galimoto yake n'kuthamanga nacho m'mabampu a msewu wochokera ku Lusaka. Atamva kwa akazi a m'shedi kuti mwamuna wa Tisauke anagwirapo ntchito yotere, anatuma kapitawo wake, Abson, kuti akamuitane.

Ezron anawoloka mtsinje m'mawa wa Lachitatu ali ndi chimwemwe chimene sanafune kuchionetsa. Panali patatha zaka zinayi asanamve kulira kwa chipanda, ndipo mtima wake unkaisowa ntchitoyo. Koma atangochiona chili pansi pa mtengo pafupi ndi shedi, chimwemwe chija chinazirala. Mbali imodzi inali yophwanyika, ndipo thupi lonse linali litayera ndi chisanu ngati lawazidwa ufa. Utsi unkatuluka pakhosi mwamphamvu, n'kutsikira pansi.

"Chipanda ichi chafa, Bwana," anatero. "Chili ndi zikopa ziwiri, chamkati ndi chakunja. Chagunda panjira, zikopa zakhudzana, kutentha kwayamba kulowa. Chamoyo sichichita thukuta chonchi. Tigwire ntchito manje manje, tisachedwe, chifukwa pofika madzulo mudzapeza mulibe kanthu."

Fulumira anathamangira kukatenga kachitsulo katsopano kaja. Ezron atakayeza pa shafuti anapeza kuti si kake, kanali ka pampu ya mtundu wina. Fulumira anatukwana m'chinenero chake, anapita kunyumba kukaimba lamya, n'kubwerako nkhope ili psuu. Koyenera kanali koti kafika mawa lake masana.

Mzunguyo anaima akuyang'ana utsi uja ukuthawa. Kenaka anatola kamtengo ka mubanga, anakasema ndi mpeni mpaka kanakwana pakhosi pa chipanda, anakakulunga ndi kachidutswa ka chubu, n'kutambasulira Ezron nyundo.

"Khoma."

"Iyayi, Bwana."

Abson ndi amuna awiri amene ananyamula chipandacho anayang'ana pansi. Fulumira anaganiza kuti Ezron sanamve, ndipo anabwereza mokweza.

"Namva," anatero Ezron. "Utsi uwu ni mpweya ufuna njira. Kapu imodzi ibala makapu seveni handiredi. Umu muli ndowa yathunthu. Ndowa seveni handiredi, madiramu sevente, mufuna akhale m'kachipanda aka? Chitsulo sichingavomere."

"Masamu amenewo anakuphunzitsa ndani, iwe? Botolo la gasi limatsekedwa. Siliphulika."

"Botolo la gasi analipangira zimenezo, khungu lake ni lochindikala ngati chala. Ichi ni chopyapyala ngati ndowa zimene nipanga ine."

"Sindinakuitane kuti undiphunzitse."

"Munaniitana chifukwa niziwa. Ngati simufuna zimene niziwa, manja anga simuwapeza."

Anaika manja kumbuyo. Fulumira anaponya nyundo pamapazi ake, fumbi n'kumuwazikira m'miyendo, koma Ezron sanawerame. Pamenepo mzunguyo anatembenukira kwa Abson. Kapitawoyu anali munthu wa ku Petauke, wa ana asanu ndi awiri m'komboni ya pafamu, ndipo pa zaka khumi anali asanamukanirepo bwana wake kanthu. Anatola nyundo osamuyang'ana Ezron.

"Akulu, musachite," anatero Ezron motsitsa mawu. "Nikupemphani."

Abson anakhoma katatu. Utsi unaleka. Fulumira anamangirira chitsekerocho ndi waya wa mpanda, kuzunguliza kumakutu a chipanda mpaka chinalimba, ndipo anamwetulira ngati munthu amene wagwira nkhuku yothawa. Analamula kuti achiike m'kachipinda ka zida, mozizira, n'kukhoma loko. Kachipindako kanali kolumikizana ndi shedi yosankhira fodya. Pakati panali khoma limodzi la zidina zosaotcha losafika kudenga, ndipo m'munsi mwa khomalo munali matebulo a akazi.

"Tsopano choka pafamu panga. Ndikakuonanso ndiitana apolisi."

Ezron anasenza bokosi lake n'kuyamba kutsika njira ya kumtsinje. Anayenda mapazi ngati makumi asanu. M'shedi munkamveka nyimbo ya akazi, ndipo pakati pa mawuwo anazindikira a Tisauke. Anatula bokosi pakati pa njira n'kubwerera.

M'shedi munali mdima ndi fungo lolemera la fodya wonyowetsedwa. Akazi oposa makumi atatu anali ataweramira matebulo, ena ali ndi makanda kumsana. Nyimbo inaduka atamuona mwamuna ataima pakhomo.

"Azimayi, tulukani nonse. Kuseri kwa khoma ilo kuli chinthu chizaphulika. Siniziwa nthawi, koma chizaphulika. Siyani fodya, tengani ana."

Palibe anasuntha. Kusiya ntchito belu lisanalire kunali kuchotsedwa, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Clotilda, yemwe anali wamkulu pa onse ndipo tebulo lake linali loyamba kukhoma, anapukuta manja pachitenje n'kuyang'ana Tisauke.

"Iwe mwana, amuna ako amanama?"

"Ali ndi zoipa zambiri, amayi," anayankha Tisauke. "Ni aliuma, samva za munthu. Koma bodza sinawamvepo."

Clotilda anatola kathumba kake n'kutuluka. Tisauke anatsatira, kenaka ena awiri, kenaka onse mopanikizana pakhomo. Ezron anawatsogolera kuseri kwa mabalani owotchera fodya, omwe makoma ake anali a njerwa zootcha, n'kuwauza kuti akhale pansi.

Fulumira anafika akuthamanga. Anakalipa kuti imeneyi ndi sitalaka, kunyanyala ntchito, kuti Ezron ndi wa chipani cha Kongilesi wotumidwa kudzasokoneza mafamu, kuti aliyense wosabwerera m'shedi asadzapondenso pafamupo. Masiku amenewo nkhani ya Chitaganya inali itatentha, ndipo azungu a m'mafamu ankaona ndale paliponse pamene anthu akuda aima pamodzi. Anapita kukaimbira apolisi, anabwerera, anakalipanso. Akazi anakhalabe pansi pomwepo.

Ndiye panayamba kudikira, ndipo pa moyo wake wonse Ezron ankati nthawi imeneyo ndiyo inamuvuta kuposa ndende. Dzuwa linakwera. Nkhuku zinkapalasa pabwalo la shedi. Palibe chinachitika. Anayamba kudzifunsa ngati mtengo uja unali ndi mng'alu wotulutsa mpweya pang'onopang'ono, ngati madzi anali atatsala ochepa kuposa mmene ankaganizira. Zikanakhala choncho, akazi makumi atatu akanataya ntchito chifukwa cha pakamwa pake, ndipo iye akanakhala wamisala wa dera lonse. Anadzipeza akulakalaka kuti chiphulike, ndipo anachita manyazi ndi kulakalakako.

Mayi wina wachitsikana anaimirira, anakonza mwana kumsana n'kunena kuti iye akubwerera. Ena atatu anaimirira naye. Ezron anakaima pakampata ka pakati pa mabalani awiri n'kutambasula manja.

"Mukafuna kupita, muyambe mwanigwetsa."

"Ba Ezron, ana athu azadya chiyani?"

"Siniziwa, mayi. Koma apa simupita."

Fulumira ataona kuti ena afewa, anatuma Abson kuti akatsegule zitseko zonse ziwiri za shedi, akazi alowe msanga. Ezron anamuitana ndi dzina kawiri. Abson sanatembenuke. Anafika pashedi, anakankha chitseko choyamba, n'kulowa kuti akachotse mpiringidzo wa chachiwiri.

Pomwepo chipanda chinaphulika. Kuphulikako kunamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje, ndipo anthu a kumeneko ankati anayesa bomba la okonza msewu. Malata a kachipinda kaja anauluka, lina n'kukakodwa pamtengo. Khoma la zidina linagwera m'shedi lonse lathunthu, pamatebulo asanu ndi limodzi oyamba. Masamba a fodya ankagwa kuchokera kumwamba kwa nthawi yaitali. Kenaka pakhomo panayamba kutuluka nkhungu yoyera, yokwawa pansi ngati madzi osefukira.

Makanda analira. Amuna awiri aja anathamanga kuti akalowe kukatenga Abson, koma Ezron anawagwira malaya.

"Mu nkhungu umo mulibe mpweya wopuma. Mukawerama chabe, mugona osaukanso."

Anakoka mpweya wambiri, anautsekera m'chifuwa, n'kulowa yekha. Anamupeza Abson ali chafufumimba pafupi ndi chitseko, anamugwira m'khwapa n'kumukokera panja. Kapitawoyo anali moyo, koma magazi ankatuluka m'khutu lamanja. Clotilda anapita kukasuzumira pamene panali tebulo lake, anaona mulu wa zidina wofika m'chiuno, anabwerera n'kukhala pansi.

Fulumira anali ataima pabwalo. Ezron ankaganiza kuti mwina anena mawu amodzi okha opepesa. Koma apolisi atafika masana, mzunguyo anawauza kuti munthu uyu anagwirapo ntchito ku migodi, amadziwa mabomba, ndipo anaika kanthu m'chipanda asanatulutse akazi. Anafunsa kuti, akanadziwa bwanji kuti chiphulika ngati sanachitchere yekha? Apolisi anamumanga unyolo Ezron akazi onse akuona. Bokosi la zida linatsala panjira paja mpaka Tisauke anakalisenza, koyamba chikwatiwire.

Mawa lake Tisauke anasiya ana kwa Clotilda n'kuyenda wapansi kupita ku Chalimbana, kusukulu ya aphunzitsi. Kumeneko kunali a Langford Zimba, ophunzitsa sayansi, amene ankabwera nthawi zina kudzalalikira kutchalitchi kwawo ndipo Ezron anali atawakonzapo vesi kawiri. Anawadikira panja pa kalasi mpaka anatuluka, anagwada, n'kufotokoza zonse.

"Amuna anga akuti kapu imodzi ibala seveni handiredi. Mzungu akuti ni bodza. Ine sininapite kusukulu, aphunzitsi. Nifuna muniuze ngati zili m'buku."

A Zimba anakatenga buku lalikulu lachikuto chobiriwira n'kufufuza ndi chala. Iwo anali pantchito ya boma, ndipo kukaima m'khoti kutsutsa mzungu wa famu sichinali chinthu chopepuka. Anatseka buku n'kunena kuti adzabwera kukhoti.

Mlandu unazengedwa ku Lusaka patatha sabata zitatu. Milandu inali iwiri: kuwononga katundu mwadala, ndi kutulutsa antchito pantchito atathamangitsidwa kale pafamu. Abson anaima ndi thonje m'khutu n'kunena motsitsa mawu kuti anamuona Ezron akuponya kanthu m'chipanda. Woweruza, mzungu wa imvi wooneka wotopa, analola Ezron kufunsa mboniyo.

"Akulu, nyundo inali m'manja mwa ndani?"

Abson anati sakumva. Womasulira anabwereza kukhutu lamanzere. Abson anayang'ana Fulumira, kenaka pansi.

A Zimba anawerenga m'buku lawo kuti muyeso umodzi wa nayitirojeni wamadzi umasanduka miyeso 694 ya mpweya. Anawonjezera kuti chiwerengerocho ndi cha kumunsi, kufupi ndi nyanja yamchere, ndipo kuno kumtunda, kumene mpweya ndi wopepuka, chimayandikira mazana asanu ndi atatu. Anati munthu amene ali m'bokosi la oimbidwa mlanduyu sanakokomeze, wachita kuchepetsa. Woweruza anaitanitsa bukulo, anawerenga yekha, n'kufunsa Fulumira ngati n'zoona kuti pakamwa pa chipanda panakhomedwa mtengo ndi kumangidwa waya. Fulumira anati anachita zimenezo pofuna kusunga madziwo. Woweruza anavula magalasi n'kumuyang'ana nthawi yaitali, ndipo mlandu woyamba unathera pomwepo.

Wachiwiri sunathe. Woweruza anati ngakhale zinthu zinayenda mmene zinayendera, lamulo silingalole kuti munthu wothamangitsidwa abwerere pamalo a mwini n'kulamula antchito ake, makamaka masiku ano. Koma poona kuti palibe anafa, Ezron akapepesa kwa bwana wa famu pamaso pa khoti, apita kwawo tsiku lomwelo.

Tisauke anali pabenchi yakumbuyo, ndipo Ezron anamuona akugwedeza mutu pang'ono, kumupempha kuti avomere. Kunyumba kunali denga lofuna udzu, munda wofuna kusosa. Anayang'ananso kutsogolo.

"Nipepese chiyani? Kuti azimayi makumi atatu ali moyo? Ngati pali wopepesa, apepese iye kwa amayi a Clotilda, amene tebulo lawo lili pansi pa zidina."

Womasulira anauza woweruza m'Chingerezi kuti woimbidwa mlandu akuti zamuvuta kupeza mawu. Ezron anali atamva Chingerezi zaka khumi ndi chimodzi ku Ndola.

"Masulirani zonse, achimwene. Sininanene zimenezo."

Womasulira anamasulira zonse. Woweruza analemba kanthu, n'kugamula mwezi umodzi wa ndende ndi ntchito yakalavulagaga.

Mweziwo Ezron anautha akuphwanya miyala ndi kutema udzu m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Anatuluka mu Seputembala ataonda, chifuwa chake chakale chitadzukanso, ndipo anatsokomola mpaka mvula inagwa. Atafika kumudzi anapeza denga lafoleredwa ndi munda wasosedwa. Amuna a akazi a m'shedi muja anali atabwera Loweruka lina ndi makasu awo, popanda wowaitana. Tisauke sanamulankhule bwino masiku atatu chifukwa cha kukana kupepesa kuja. Tsiku lachinayi anamuphera nkhuku, ndipo nkhaniyo sanaibwerezenso.

Akazi ambiri anabwerera kwa Fulumira shedi itamangidwanso, pakuti kunalibe kwina kopita, ndipo Ezron sanawaweruze. Tisauke ndi Clotilda sanabwerere. Anatsegula dimba la kabichi ndi anyezi m'mbali mwa mtsinje n'kumagulitsa kwa oyendetsa malole a pamsewu waukulu. Ezron naye sanagwirenso ntchito kwa mzungu aliyense. Anamanga kachisakasa pafupi ndi mlatho n'kuyamba kukonza njinga, ndipo aphunzitsi a ku Chalimbana ankabwera nazo zawo ngakhale panali wokonza wina pafupi ndi kwawo.

Abson anachotsedwa ntchito chaka chisanathe, chifukwa kapitawo wosamva mbali imodzi ankachedwa kuyankha akaitanidwa. Anasamukira m'mudzi wa kumtunda ndi ana ake onse, ndipo anthu ankamupewa. Tsiku lina mu 1958 anatulukira pachisakasa cha Ezron akukankha njinga yothyoka foloko. Anaimika njingayo n'kupereka moni.

"Niziwa kuti munanichotsa mu nkhungu muja," anatero. "Mzungu ananiuza kuti nikapanda kunena zija, nichoke m'komboni tsiku lomwelo. Ana seveni, a Chulu."

Ezron anapitiriza kumanga sipoko ya njinga ina. Atamaliza anapukuta manja.

"Bodza munanena pagulu. Simungalifafanize pano tili awiri. Sabata mubwere kutchalitchi, muimirire, munene amene anakhoma ndi amene analamula. Njinga isiyeni apo. Sinizaikhudza mpaka Lolemba."

Lamulungu Abson anabwera atavala jekete lobwereka. Mapemphero atatha anaimirira, ndipo chifukwa sankadzimva bwino yekha, analankhula mokweza kwambiri kwakuti ngakhale amene anali panja pansi pa mitengo anamva mawu onse. Ananena za mtengo wa mubanga, za nyundo, za waya, ndi za zimene anauzidwa kukanena ku Lusaka. Akulu a mpingo anafuna kuti awiriwo agwirane chanza pomwepo, koma Ezron anati zimenezo zidzabwera nthawi yake, asamukakamize.

Lolemba anawotcherera foloko ija, anawongolanso gudumu lakumbuyo lomwe Abson sanalitchule n'komwe. Chanza anadzagwirana chaka chotsatira, pamaliro a Clotilda, onse awiri ali m'dzenje akukumba manda.